Waya Amene Wakuba Anaiwala

Chitseko sichinathyoledwe, zenera silinaswedwe, ndipo wailesi inali phee pamalo pake. Sajeni anaima pakati pa chipindacho manja ali m'chiuno, akudzifunsa chimene anavutikira kukwera masitepe onse aja. Kupolisi anamuuza kuti kwabedwa kompyuta. Koma patebulo panali sikirini yatsopano, yopyapyala, yoti wakuba aliyense wodziwa ntchito yake akanaipanira m'khwapa n'kutsika nayo akuimba mluzu.

"Ndiye chabedwa n'chiyani, bambo?"

Mwini chipindacho anali mkulu waimvi amene anthu a mumsewuwo ankangomutcha kuti a Injiniya. Analoza pambali pa sikiriniyo. Panali malo oyera a ngodya zinayi, fumbi litawazungulira.

"Anali apa. Makina akale, otuwa, aphwanthiphwanthi, olemera kwabasi. Ankagwira ntchito mu ofesi yojambula mapu kumene ine ndinakalambira. Atawataya, ndinawatola."

"Akale bwanji?"

"Mwina inu munali musanayambe sukulu."

Sajeni anafuna kuseka, koma ataona nkhope ya mkuluyo, anakumeza kusekako. Anachotsa katoni ya mawaya imene inali pampando wachiwiri n'kukhalapo. Mpandowo unali ndi fumbi la miyezi. Pasinki panali kapu imodzi, mbale imodzi, supuni imodzi. Zimenezi Sajeni anazizindikira msanga, pakuti kuchipinda chimene ankachita lendi chisamutsidwireni kuntchito, pasinki pake pankaoneka chimodzimodzi.

Nkhani ya makinawo inali yotere. Kuli anthu omwazikana m'mayiko osiyanasiyana amene amalemba pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, yaulere, yoti aliyense akhoza kuitsegula m'mimba, kuona mmene inalembedwera, n'kukonza pamene palakwika. Pakati pawo pali kagulu ka anthu a liuma, kolimbikira kuti pulogalamuyo iziyakabe ngakhale pa makina amene dziko linawaiwala. Makina a mtundu wa a Injiniya anakhala akufa amodziamodzi, eni ake enanso n'kutsamira mkono, mpaka anatsala iwo okha. Anthu aja akakonza zatsopano ankatumizira iwo kuti ayese, iwo n'kuyankha kuti yayaka, kapena yakanira pakutipakuti. Nkhope zawo sanazionepo. Koma m'mawa uliwonse ankapatsana moni.

"Loweruka likubwerali akutulutsa yatsopano," anatero a Injiniya. "Anena kuti pakapanda woyesa, makina a mtundu wanga awachotsamo. Sakulakwa ayi. Munthu angasamale bwanji chinthu choti palibe ali nacho?"

"Akawachotsamo, chichitike n'chiyani?"

"Ndiye kuti andichotsamonso ine. Ndizikawauza chiyani m'mawa?"

Sajeni anayang'ana kumbali. Pakhoma panali chithunzi cha mayi wina womwetulira, galasi lake lokhalo ndilo linali lopukutidwa m'chipinda monsemo.

"Kuyesako kumatenga nthawi yaitali?"

"Ayi ndithu. Akungofuna kumva kuti yayaka mpaka kufunsa dzina la munthu. Tiyi sazirala n'komwe. Kulipo kuyesa kwina, kouza makinawo kuti amange okha pulogalamu yonse kuchokera pachiyambi. Kumeneko kumadya sabata yathunthu, osazimitsa, osasuntha. Koma zimenezo sanandipemphe."

"Osazimitsa chifukwa chiyani?"

"Kabatire ka m'kati kanafa kalekale. Mukangozula waya wa magetsi amaiwala zonse, tsiku, chaka, ngakhale nambala yawo yomwe. Umachita kuwakumbutsa pamanja." Anamwetulira pang'ono. "Ine ndi iwo tayamba kufanana."

Dzulo lake, Lachinayi m'mawa, a Injiniya anapita kuchipatala kukayezetsa magazi. Pobwera masana anapeza chitseko chokhoma bwinobwino monga anachisiyira. Kiyi anali m'thumba mwawo.

"China chimene chasowa?"

"Kiyibodi."

"Yatsopano?"

"Yachikasu ndi ukalamba. Zilembo zina zinafufutika. Singalowe pa kompyuta ina iliyonse m'tauni muno."

"Nanga wakuba angaitengerenji?"

"Makina amenewo akayatsidwa popanda kiyibodi yawo, salankhula. Sikirini imangoti bii, munthu n'kumayesa kuti ndi akufa."

Sajeni anawerama n'kusuzumira kuseri kwa tebulo. Kumbuyo kwa sikirini kunkalendewera waya wonenepa, wotuwa. Kumapeto kwake kunali mutu wachilendo, wa mabowo atatu akuluakulu ndi timano ting'onoting'ono pakati.

"Uyu ndi wa chiyani?"

"Wolumikiza makinawo ku sikirini. Ndinachita kumulumikiza ndekha ndi mtovu. Wina ngati ameneyo simungamupeze."

"Ndiye wakubayu anadziwa za kiyibodi, koma anaiwala waya." Sajeni anadzuka n'kudzisansa fumbi. "Bambo, za kiyibodizi akuzidziwa ndani kupatula inu?"

Maso a mkuluyo anapita pachithunzi chija n'kubwerera pamalo oyera a patebulo.

"Palibe," anatero.

Sajeni anali atamva mabodza ambiri pantchito yake. Ili linali la munthu wosazolowera kunama.

*

Pansi pa chipinda cha a Injiniya panali shopu ya telala, mayi wa pakamwa posapuma. Sajeni asanafunse kanthu, mayiyo anali atayamba kale kuyankha.

"Ine ndinanena, mayi! Ndinanena ine kuti chinthu chimene chija chidzawabweretsera tsoka. Usana kung'ung'udza, usiku kung'ung'udza, ngati m'denga mwalowa njuchi. Dzulo chitangosiya, mutu wanga unachita kupepuka. Ndinati kapena magetsi azima, koma makina angawa akusoka."

"Chinasiya nthawi yanji?"

"Iwo atangotuluka pang'ono. Ine ndili pa diresi la mkwatibwi, mkwatibwi wake wonenepa tsiku ndi tsiku, ndiye kumasula, kusoka, kumasula..."

"Munaona munthu akukwera?"

"Kuona ayi, masitepe ali kuseri. Koma kumva ndinamva. Anakwera, anatsika, anakweranso, anatsikanso mwapang'onopang'ono ngati wanyamula mtondo. Ine ndimvekere ndi eni ake, aiwala kabuku ka kuchipatala."

"Munaganiza bwanji kuti ndi eni ake?"

Telala anasiya kusoka n'kumuyang'ana Sajeni ngati wafunsa zachibwana.

"Sitepe ija sinalire! Inu pokwera muja simunaimve? Pali thabwa lina pakati limalira kuti kwee, ngati mwaponda mphaka. Mlendo aliyense amaliponda. Inunso munaliponda, ndinakumvani. A Injiniya amalilumpha."

"Wina amene amalilumpha ndani?"

"Malemu mayi a kunyumba ankalilumpha. Ndi mwana wawo uja, wa kusitolo ya mankhwala. Koma ameneyo musamuwerengere, anasiya kubwera. Maliro a mayi ake atatha ankabwera Lamlungu lililonse, atanyamula zakudya m'kabasiketi. Bambo ake osacheuka, maso ali pa galasi, 'Ika pomwepo, mwanawe.' Tsiku lina ndinangomva mawu akwera. Akuti, 'Bambo, mwana wanu ndi makinawo, ine ndine wobweretsa chakudya!' Anatsika akulira, moni osandipatsa. Chichokereni tsiku limenelo, zii."

Sajeni anapempha nambala ya mwanayo. Telala anali nayo, monga analili ndi nambala ya aliyense mumsewuwo.

Foni inaitana nthawi yaitali. Mawu amene anayankha anali otsika, osamala.

"Ndine wapolisi. Kunyumba kwa bambo anu kwalowa wakuba."



"Iwo ali bwanji? Adya?"

"Ali bwino. Dzulo m'mawa munali kuti, mayi?"

"Kuntchito. Tsiku lonse."

"Munkadziwa kuti apita kuchipatala?"

"Ndine ndinawakonzera tsikulo. Ndinawatumizira uthenga wowakumbutsa. Sanayankhe. Sayankha."

"Kiyi wa chipinda chawo muli naye?"

"Wa malemu amayi ndinali naye. Sindikudziwa kumene ndinamuika. Pepani, pali odwala akudikira."

Foni inaduka. Sajeni anaima pakhonde la telala akuiyang'ana. Mayi wa pafoniyo anafunsa ngati bambo ake adya. Sanafunse kuti chabedwa n'chiyani.

*

Komabe wapolisi samanga munthu chifukwa cha funso limene sanafunse. Ndiponso mtima wa Sajeni unali pa chinthu china: ngati makinawo anatengedwa ndi wakuba wamba, anali ndi njira imodzi yokha, yopita kwa wogula zitsulo kuseri kwa msika, kumene kompyuta imalowa yathunthu m'mawa n'kutuluka masana ili mulu wa mkuwa.

Anamupeza wogula zitsuloyo atakhala pa firiji yakufa, hamala ili m'manja, akuswa kabokosi kena. Sajeni anafulumira kukayang'ana. Koma kanali kakuda, osati kotuwa.

"Abwana! Lero mwabwera kudzagula kapena kudzandimanga? Ngati n'kumanga dikirani ndimalize, hamalayi ndi yobwereka."

"Makina akale, otuwa, aphwanthiphwanthi, olemera. Alipo wabwera nawo?"

"A mdala wa pamwamba pa telala? Amene aja ndakhala ndikuwasirira zaka. M'kati mwake muli mkuwa wa nthawi imene anthu ankapanga zinthu ndi mtima. Ndinawauza kuti akadzatopa nawo andiitane, anandiyang'ana ngati ndawapempha impso. Ayi, abwana, kuno sanafike. Akanafika mukanandipeza ndikuvina."

Sajeni anazungulira bwalo lonse, akusuzumira pansi pa malata ndi m'migolo. Panalibe kanthu. Ali pafupi kutuluka, wazitsulo uja anamuitana.

"Koma pali chodabwitsa. Wogulitsa sanabwere, kunabwera wofuna kugula."

"Kugula chiyani?"

"Waya. Dzulo madzulo, ndikutseka. Mayi waulemu wake, nsapato zoyera, osati wa kuno kwathu kwa dzimbiri. Dzina la wayayo sakulidziwa. Anatola msomali n'kujambula pansi apa. Onani, sindinafufute, ndimati ndifunse anzanga."

Pa dothi lakuda ndi oyilo panali chithunzi cha mutu wa waya: mabowo atatu akuluakulu, ndi timadontho pakati.

"Ndinamuuza kuti mayi, zinthu zimenezi zinapita ndi agogo athu. Anafufuza yekha m'migolo yonseyi mpaka malaya ake oyera kuda. Kenako anakhala pa firiji pano n'kuyamba kulira. Ine mkazi wolirira mwamuna ndinamuonapo, wolirira mwana ndinamuonapo. Wolirira waya, abwana, ndinayamba dzulo."

"Malaya oyera otani?"

"Aatali, ofika m'mawondo. Ngati a anthu ogulitsa mankhwala."

*

Sajeni anawapeza a Injiniya atakhala pomwe anawasiya, moyang'anana ndi sikirini yozima. Foni yawo inali patebulo, uthenga wochokera kwa anzawo akutali uja uli wosayankhidwa.

"Masulani wayayo, bambo. Tikupita."

"Mwawapeza? Ndi athunthu?"

"Ndikuganiza choncho. Kunyumba kwa mwana wanu mukukudziwa?"

Mkuluyo anamasula wayayo. Sanadabwe, ndipo Sajeni anaona kuti sanadabwe.

"Anasamuka," anatero. "Anandiuza dera lake. Sindinapiteko."

"Za kiyibodi munamuphunzitsa ndinu?"

"Ali wamng'ono. Mayi ake akakhala kuntchito Loweruka ndinkamutenga ku ofesi. Ankakhala pamiyendo panga, ine kutchula mawu, iye kulemba ndi chala chimodzi." Anayamba kukulunga wayayo mosamala. "Mudzamumanga?"

"Wodandaula ndinu."

Adiresi anaipereka ndi telala, mosachita kupemphedwa kawiri. Anakwera galimoto ya Sajeni. A Injiniya anafungatira waya uja pachifuwa, akuyang'ana misewu imene inkaoneka kuti ndi yachilendo kwa iwo, ngakhale inali ya tauni yawo yomwe.

Nyumbayo inali yaing'ono, kumapeto kwa mzere wa nyumba zofanana. Mwana wa a Injiniya anatsegula asanagogode kawiri. Anali mayi wa zaka zapakati, maso otupa. Kusitolo sanapite tsiku limenelo, ndipo odwala amene ankadikira pafoni aja kunalibe.

"Bambo," anatero.

Makinawo anali patebulo lodyera, atayalidwira nsalu yoyera pansi pake. Kiyibodi yachikasu inali kutsogolo, yolumikizidwa pamalo pake. Pambali panali sikirini yobwereka, ndi mulu wa mawaya amitundumitundu amene onse anakana kulowa. Kutsogolo kwa tebulo kunali mpando wabwino kuposa yonse m'nyumbamo, uli ndi pilo.

A Injiniya anamudutsa mwana wawo pakhomo osamuyang'ana. Analunjika patebulo, anagwira makinawo pamwamba, m'mbali, kumbuyo, monga mayi amafufuzira mwana amene wagwa. Sajeni anatembenukira kwa mayiyo.

"Munawatengeranji, mayi?" anafunsa.

Mayiyo anayankha akuyang'ana msana wa bambo ake.

"Ndinaitana, sanabwere. Ndinadwala, ndinatumiza uthenga, anayankha patapita sabata kuti 'pepa mwanawe.' Ndiye ndinati, kumene kuli makinawa ndi kumene iwo amakhala. Ndimafuna ndiwayatse, ndiwaimbire foni kuti bambo, makina anu ali kuno, akuyenda bwino, bwerani mudzawatenge. Akanakhala masana amodzi okha. Tikanamwa tiyi." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Koma waya ndinamuiwala. Kubwerera ndinaopa. Ndinayatsa, akungolira, osaonetsa kanthu. Ndinati basi ndawapha. Munthu ungaimbe bwanji foni kuti bambo, ndakupherani chokhacho chimene munatsala nacho?"

A Injiniya anali atalumikiza kale waya wawo. Anaweramuka, ndipo kwa nthawi yoyamba anayang'ana m'nyumbamo. Anaona mashelefu opanda kanthu mbali imodzi, msomali wopanda chithunzi pakhoma, ndi pasinki kapu imodzi, mbale imodzi.

"Akamwini ali kuntchito?"

"Anachoka, bambo. Chaka chatha."

"Osandiuza?"

"Ndinakuuzani. Munati, 'Ika pomwepo, mwanawe.'"

Mkuluyo anakhala pampando wa pilo uja. Anatambasula dzanja n'kukanikiza batani la kumbuyo. Mafani oziziritsa a m'kati analira, kiyibodi inati pii, ndipo sikirini inayera. Panatuluka zilembo zakuda, makinawo akudandaula kuti sakudziwa tsiku, sakudziwa nambala yawo, sakudziwa poyambira.

A Injiniya anaika zala pa kiyibodi. Chilembo chimodzi chinatuluka katatu. Anafufuta, anayesanso, zinakanikanso.

"Tabwera," anatero osacheuka. Kenako anacheuka. "Tabwera, mwanawe. Koka mpando. Ine ndizitchula."

Mayiyo anakhala pambali pawo. Iwo ankatchula nambala pang'onopang'ono, iye n'kumalemba. Pofika pakati anayamba kuwatsogolera, zala zikukumbuka zimene mutu unaiwala. Atalemba mawu otsiriza, sikirini inada, kenako mizere yoyera inayamba kukwera. Makinawo ankatchula ziwalo zawo chimodzichimodzi, chimene achipeza ndi chimene akuchifunafuna. Pena anaima nthawi yaitali. Kenako mizere inayambanso kuyenda, mpaka pansi penipeni panatuluka mawu ofunsa dzina la munthu.

A Injiniya anatulutsa foni, anajambula sikiriniyo, n'kutumiza kwa anzawo. Yankho silinachedwe. Analiwerenga milomo ikugwedezeka, n'kuika foniyo chafufumimba patebulo.

"Akuti zikomo. Sawachotsa."

Tiyi akanakhala kuti anathiridwa, akanakhala asanazirale. Mayiyo anadzuka n'kuyamba kusonkhanitsa mawaya okana aja, maso ali pansi.

"Ndiye ndikaitane galimoto ya hayala, bambo? Ndikuthandizani kukweza pamasitepe."

Sajeni anatsokomola. "Za mlandu titani, bambo?"

"Mlandu wanji? Makina anga ndi awa." Mkuluyo anayang'ana sikirini, anayang'ana msomali wopanda chithunzi uja. Kenako anakokera kiyibodi pafupi, ndipo ndi chala chimodzi, mosaphonya, analemba mzere wina wautali. Makinawo anayamba kung'ung'udza mwamphamvu, mizere ikuthamanga osaima.

"Galimoto isiye, mwanawe. Anzanga aja akufunanso kuti makinawa amange okha pulogalamu yonse. Zimadya sabata yathunthu. Osazimitsa, osasuntha, ndipo pamafunika munthu wowayang'anira." Anakanda kumutu, maso akuthawa kumene kunali Sajeni. "Kaya uli ndi pogona pa mlendo."

Mayiyo anaima mawaya ali m'manja. Anayang'ana bambo ake, kenako anathamangira kuchipinda, ndipo kunamveka chitseko cha kabati chikutsegulidwa.

A Injiniya anadzutsa maso. Iwo ndi Sajeni anayang'anizana. Onse awiri ankakumbuka bwino zimene zinanenedwa m'mawa uja m'chipinda cha pamwamba pa telala, zoti kuyesa kwa sabatako palibe anapempha.

"Zimachitika kuti zikanike pakati?" anafunsa Sajeni motsitsa mawu.

"Kawirikawiri," anatero mkuluyo. "Ndiye umayambiranso."

Sajeni anavala chipewa chake natuluka, n'kukoka chitseko pang'onopang'ono. Ali pawindo anamva madzi akuthiridwa m'ketulo, ndi mawu a mayi uja akufunsa ngati bambo ake amamwabe tiyi wopanda shuga. Anaima kanthawi pambali pa galimoto, dzuwa likumuwotcha pakhosi, akumvetsera kung'ung'udza kwa makina aja. Kenako analowa n'kuliza injini. Kupolisi anakalemba kuti katundu wapezeka ali bwino, ndipo mwini wake ali naye limodzi.